Amalume Anga Ankasowa Wowatsutsa

Amalume anga, a Gerevazio Chimbalanga, tinawaika m'chilimwe, mango asanapse. Pamaliro panayankhula anthu ambiri: a kutchalitchi, a kubanja, ndi bambo wina wa suti yakuda amene anachokera ku yunivesite. Onsewo anawatchula kuti Pulofesa. Ndili pakati pa amayi anzanga ndinkaganiza kuti eni ake akanamva akanakweza dzanja n'kupempha kukonza pang'ono, chifukwa upulofesawo sanaufike, ndipo sankalola kuti munthu awapatse ulemu umene sanaugwirire ntchito. Ankati iwo anali mphunzitsi wa mbiri yakale basi. Koma tsiku limenelo panalibe wokonza.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Nyumba yanga inayandikana ndi yawo, ndiye atapuma ntchito ku Zomba n'kubwerera kuno ku Mtakataka, ndine amene ndinkawaona kawirikawiri. Anabwera ndi akazi awo, koma mayiwo sanakhalitse. Matenda a shuga anawatenga asanazolowere n'komwe kutentha kwa kuno. Ana awo awiri, wina ku Lilongwe wina ku Joni, ankaimba foni Lamulungu akakumbukira. Amalume anatsala okha, munthu amene kwa zaka zambiri ankadzuka m'mawa akudziwa kuti pali holo yodzaza anthu imene ikumudikira.

Za semina anaziyamba atamaliza kulira maliro a akazi awowo. Pafupi ndi njanji pali shedi yakale imene ankaguliramo thonje. Anaipempha kwa eni ake, anasesamo okha, anakhometsa mabenchi kwa mmisiri wa pamsika, kenako anapachika katoni pamtengo yolembedwa kuti Lachinayi lililonse masana kuzikhala semina, ndipo aliyense abwere. Tsiku loyamba shedi inadzaza mpaka ena anaima panja. Kwathu kuno mawu akuti semina timawadziwira kwa a mabungwe, ndipo amatanthauza mabanzi, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi kangachepe kobwerera nako kunyumba. Anthu anamvetsera mwaulemu amalume akufotokoza m'mene makolo athu anatsikira kuchoka kumapiri a Dedza kudzakhala kuno kuchigwa. Atamaliza anakhala pansi n'kuyamba kudikira mafunso. Anthu nawo anakhala phee, kudikira makireti. Anadikirana choncho kwa kanthawi, mpaka mayi wina ananyamula mwana wake n'kutuluka, ena n'kumutsatira.

Lachinayi lotsatira anabwera ochepa, ndipo ochepawo ndi amene anakhalira. Panali aphunzitsi awiri opuma ntchito, amayi ena ogulitsa matemba amene ankakonda mthunzi wa m'shedimo, bambo wina wosamva bwino, ndi ine ndikapeza mpata wotseka makina anga osokera. Amalume sankasamala za kuchuluka kwa anthu. Ankafika pa njinga atavala jekete ngakhale kutenthe chotani, n'kuvula wotchi n'kuiika patebulo. Nthawi zonse ankayamba ndi kunena kuti zimene ati anenezo zikhoza kukhala zolakwika, ndipo amene awagwire pamene alakwitsa ndiye wawathandiza. Ankayankhula Chichewa chokhachokha. Mawu akawasowa ankaima, n'kumayang'ana kudenga mpaka awapeze, osathawira ku Chingelezi.

Nkhani ankasintha. Tsiku lina njanji, tsiku lina thonje, tsiku lina m'mene azungu a mishoni anafikira ku Mua, kapena chifukwa chake midzi ina ili ndi mayina achingoni pamene anthu ake Chingonicho sachidziwa. Koma ankabwererabwerera ku nkhani yawo ya pamtima. Iwo ankakhulupirira kuti makolo athu sanatsike kumapiri pothawa nkhondo monga ambiri amanenera, koma anatsika mwakufuna kwawo, pang'onopang'ono, potsata nthaka ya m'madimba ndi nsomba. Ankati munthu wothawa sanyamula mbewu zosankha, ndipo sakhala ndi nthawi yoyang'ana kumene madzi amadutsa asanamange nyumba.

Chimene chinkawapweteka n'chakuti akamaliza, anthu ankangoti zoona bambo, mwanena bwino. Ena ankaomba m'manja. Amalume ankati kuomba m'manja ndi njira yaulemu youzira munthu kuti akhale pansi, ndipo wovomera msanga ndiye kuti sanamvetsere. Ankayesa njira zosiyanasiyana. Tsiku lina ananena dala zabodza, kuti njanji inafika kuno anthu asanayambe kulima chimanga, kuti aone ngati wina adzuke. Aphunzitsi awiri aja anangoyang'anana, n'kugwedeza mitu movomera. Pobwerera kunyumba amalume njinga sanakwere, anangoikankha, ndipo anandifunsa ngati anthu aja amawaopa kapena amawamvera chisoni. Ndinawauza kuti amawalemekeza. Anati pa zitatuzo ulemuwo ndi umene ukuwapha.

Kamodzi kokha m'shedi muja munadzuka munthu wowatsutsa. Anali a Yusufu, msodzi wachikulire wa kunyanja, amene anabwera kudzagula ulusi wa ukonde n'kulowa pothawa dzuwa. Atamvetsera anatsokomola, n'kunena kuti iwo sakudziwa za ena, koma agogo awo sanachokere kuphiri kulikonse, anabwera pa bwato kuchokera kutsidya, ndiye nkhaniyi isamanenedwe ngati aliyense wa kuno ndi wa kumtunda. Nkhope ya amalume inawala ngati ya mwana. Anawafunsa mafunso ambirimbiri, anawatsutsa pena, anawavomera pena, ndipo pamapeto anawaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi akuyankhulabe ndi manja. Usanathe mlungu a Yusufu ndi mkulu wawo anatulukira kunyumba kwa amalume, atanyamula chambo cha m'mawa womwewo. Anadzapepesa. Anthu anali atawauza kuti anachititsa manyazi munthu wophunzira pagulu, ndipo mafunso ambirimbiri aja anali mkwiyo. Amalume anayesetsa kufotokoza kuti tsiku limene lija linali labwino kuposa onse chibwerereni kumudzi, koma alendowo ankangoti n'zoona bambo, sizidzachitikanso. Ndipo sizinachitikenso. A Yusufu anabwerako ku semina kangapo, kukhala kumbuyo, chipewa m'manja, osatsegula pakamwa.

Ndi mayi anga ankakangana, koma si mkangano umene ankaufunawo. Mayi ankati mlongo wawo akuchititsa manyazi mtundu, munthu wa masukulu ake kumakayankhula ndi mabenchi. Ankati ngati akusowa chochita alowe m'komiti ya tchalitchi, kapena akwatire. Amalume akafuna kuyankha mwadongosolo, mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri, mayi ankangonyamuka n'kumapita, chifukwa iwo sanabwere kudzamva mfundo. Akatekisiti nawo anawakayikira kuti akuyambitsa mpingo wawo, ndipo anatumiza munthu kuti akamvetsere. Munthuyo anagona pabenchi, n'kukanena kuti kulibe choopsa. Amalume atamva anaseka, koma kenako anati bola akanapezako choopsa.

Kuti munthu amvetse njala imeneyi ayenera kudziwa za a Nyirongo. Ine sindinawaonepo ndi maso. Ndinkangomva kwa akazi a amalume asanamwalire. A Nyirongo anali a ku Rumphi, ndipo ankaphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite yomweyo. Kumeneko kunali mwambo wakuti mphunzitsi akafufuza kanthu amaitana anzake ndi ophunzira, n'kuwerenga zimene wapeza, kenako iwo n'kumupanikiza ndi mafunso. Amalume akamayankhula, a Nyirongo ankakhala kutsogolo atapinda manja, ndipo dzanja loyamba kukwera linali lawo. Iwo ankati anthu a kuchigwa kuno anachita kuthamangitsidwa ndi nkhondo, za madimba ndi nsombazo ndi nthano zodzitonthoza nazo. A Nyirongo akamayankhula, amalume ankabweza. Ophunzira atsopano ankayesa kuti awiriwa ndi adani, mpaka atawaona akuchoka m'holo limodzi, kupita kunyumba kwa mmodzi wa iwo kukapitiriza mkanganowo pa chakudya. Anakangana choncho kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka imvi. Amalume atapuma ntchito, a Nyirongo anatsala ku Zomba. Pa foni mkangano sunkakoma, chifukwa a Nyirongo makutu anali atayamba kuvuta. Analonjeza kuti adzabwera ku Mtakataka kuti adzakwere limodzi kumapiri, akathetse nkhaniyo poona ndi maso. Ulendowo unkangosunthidwa, ndipo a Nyirongo anamwalira asanabwere.

Chitatha chaka, a ku yunivesite anakonza mwambo wowakumbukira, ndipo anapempha amalume kuti akayankhule pagulu. Anakonzekera ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Jekete anaichapitsa, nsapato anakasoketsa, ndipo semina za m'shedi anaziimika kaye. Poti miyendo inali itayamba kutupa, ana awo anandipempha kuti ndiwaperekeze. Tinakwera minibasi m'mawa, tinasintha pa Balaka, n'kukagona kwa wachibale ku Zomba.

Holo yake inali yaikulu, mipando yokwera ngati masitepe, ndipo inadzaza ophunzira ndi aphunzitsi. Kutsogolo anaika chithunzi cha malemuwo, pambali pake maluwa. Kumzere woyamba kunakhala a kubanja: akazi a malemuwo, mayi a Nyirongo, munthu wamfupi woyenda ndi ndodo, ndi ana awo. Oyankhula oyamba anatamanda malemuwo, kuti anali ofatsa, olimbikira ntchito, tate wa onse. Kenako anaitana amalume. Anayankhula Chingelezi, koma ndinkatsatira bwinobwino chifukwa nkhaniyo ndinali nditaimva kambirimbiri m'Chichewa. Mawu awo oyamba anali akuti a Nyirongo analakwitsa, ndipo iwo abwera kudzaonetsa pamene analakwitsa.

M'holo munadutsa kaphokoso. Mwana wamkulu wa malemuwo anakwinya nkhope, ndipo woyendetsa mwambo anayamba kusanthula mapepala ake osadziwa poyang'ana. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika. Amalume sanaone chilichonse. Anatenga mfundo za mnzawoyo imodziimodzi, kuifotokoza mokoma kuposa m'mene mwina mwini wake akanaifotokozera, kenako n'kuigwetsa. Mawu awo anali amphamvu ngati si munthu uja ndinkamuthandiza kukwera minibasi. Koma ndinaona kuti akamaliza mfundo iliyonse ankaima pang'ono, n'kuyang'ana kumzere woyamba, kenako n'kupitiriza.

Atamaliza anthu anaomba m'manja mozengereza. Woyendetsa mwambo anathamangira kunena kuti nthawi yatha, mafunso sakhalapo. Apo n'kuti mayi a Nyirongo atakweza kale ndodo yawo m'mwamba. Anakana cholankhulira, anadzuka mothandizidwa ndi mwana wawo wamkazi, n'kuyankhula Chichewa cha anthu a kumpoto.

"A Chimbalanga, zimene mwanenazi mwamuna wanga anakuyankhani kale patebulo panga, ndiwo zikuzizira. Mwaiwala, kapena mukuyesa poti wagona ndiye kuti mwapambana?"

Ophunzira anaseka, koma mayiwo sanakhale pansi. Iwo ntchito yawo inali ya unamwino, mbiri yakale sanaiphunzirepo, koma mkanganowo anaumva m'nyumba mwawo kwa zaka zonsezo mpaka unawalowa. Anayamba kubweza mfundo za amuna awo: za midzi ya kuchigwa imene inamangidwa mothinana ngati ya anthu amantha, za mapanga a kumapiri kumene anthu ankabisala. Amalume anavula jekete n'kuikoleka pampando. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo atavula jekete pagulu. Anayankha, mayiwo anabweza, iwo anayankhanso. Pena mayiwo anawadula pakamwa n'kuwauza kuti apo ndiye ankazemba ngakhale kale. Amalume anaseka mpaka kugwira tebulo, misozi ikutsika, ndipo sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka. Woyendetsa mwambo anachita kudzaima pakati pawo kuti aleke.

Panja mwana wamkulu uja anatidutsa osapereka moni. Koma mayi ake anawagwira dzanja amalume kwa nthawi yaitali. Anati chimwalirireni amuna awo, aliyense amangowauza kuti anali munthu wabwino, ngati kuti analibe pakamwa. Lero lokha ndi pamene awamvanso ali m'chipinda.

M'mawa mwake tinanyamuka. Ndinkayembekezera kuti amalume ayankhula njira yonse, koma anangotsamiza chipumi pagalasi. Pa Balaka anakana kudya. Titafika pa Golomoti minibasi inaima kudikira anthu, ndipo mapiri anali poonekera kumanzere kwathu, utsi wa otentha makala ukukwera m'mbali mwake. Ndi pamene anayankhula, osandiyang'ana.

"Mayi aja asiya mfundo imodzi. Yaikulu kwambiri."

Ndinafunsa kuti ndi iti. Anati a Nyirongo akapanikizika ankafunsa kuti, ngati anthu anatsika mwakufuna kwawo, n'chifukwa chiyani kwa nthawi yaitali ankanyamula maliro awo kukwera nawo phiri kukaika kumanda akale? Wosamuka mokondwa amatsegula manda kumene wafika. Wobwerera ndi maliro ndiye kuti mtima wake sunasamuke.

"Nanga inu mumayankha kuti chiyani, amalume?"

"Ndilibe yankho, Rozina. Ndinkati ndidzalipeza iye akadzabwera, tili kumtunda komweko."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanainene okha mfundoyo m'holo muja. Anati anaidikira kuti ichokere kumzere woyamba, ndipo pamene inalephera kubwera anazindikira kuti padziko lonse amene akuidziwa atsala okha.

Atabwerera anatsegulanso semina, koma kayankhulidwe kanasintha. Akamaliza mbali yawo, ankanena kuti tsopano mnzanga akanati chakutichakuti, n'kudzitsutsa okha mwaukali, kenako n'kudziyankha. Amayi a matemba aja anayamba kunong'onezana kuti mutu wayamba kusokonekera, ndipo mayi anga analira atamva. Mutu unali bwinobwino. Mayi a Nyirongo anaimbako foni kangapo, koma ana anawatenga kupita nawo kumudzi ku Rumphi, ndipo kumeneko foni inkavuta kugwira mpaka inangoti zii.

Tsiku lina ndinawamvera chisoni, ndipo atafunsa ngati pali funso ndinadzuka n'kufunsa za maliro okwera phiri zija. Anandiyang'ana mokoma mtima, anandithokoza, n'kuyankha mwachidule. Pobwerera anandiuza kuti ndisadzavutikenso. Anati funso limakoma likachokera kwa munthu amene akukhulupiriradi kuti walakwitsa, ndipo ine ndinafunsa chifukwa chowakonda.

Semina zinatha zokha pamene miyendo inakana kupalasa njinga. Kwa kanthawi aphunzitsi awiri aja ankabwera kunyumba Lachinayi, kenako mmodzi anamwalira, winayo anasamukira kwa mwana wake ku Salima. Masiku omaliza tinali nawo m'chipatala ku Mua. Anawasamala bwino. M'mawa wina anayesa kutsutsana ndi dokotala wachinyamata za dzina la mtsinje umene umadutsa pafupi ndi mishoni, kuti tanthauzo lake si limene anthu amanena. Dokotalayo anamwetulira, anawakonzera pilo, n'kunena kuti chabwino agogo, ndi m'mene mwaneneramo. Amalume anatembenukira kukhoma. Anamwalira mlungu womwewo, masana, ine nditapita kukatunga madzi.

Nyumba yawo ilipobe, kuseri kwa msika ukamalowera kumadimba. Ana sanagwirizane choti achite nayo, ndiye makiyi ali ndi ine, ndipo ndimapitako Loweruka kukatsegula mawindo. Mabuku anabwera kudzatenga mwana wa ku Lilongwe. Mashelefu anatsala, ndipo mavu amanga zisa m'makona mwake. Pakhoma la pabalaza pali malo oyera a makona anayi pamene panali mapu. Mipando anagawana achibale, kupatula umodzi wothyoka mwendo umene palibe anaufuna. Mbuzi za oyandikana nawo zimagona pakhonde, ndipo mpanda wa kumbuyo unagwa ndi mvula ya chaka chino, moti ana a sukulu atsegula njira yachidule yodutsa pabwalo. Amadutsa akukangana za mpira, osayang'ana n'komwe nyumbayo. M'kati, poti mulibe katundu, ndikayankhula mawu anga amangobwerera m'mene ndawanenera. Ndiye ndimasesa chete, n'kutseka mawindo, n'kumapita.